Kodi ma zinc finger amadziwa bwanji pogwira pa DNA?

Tadala: Moni nonse pagulu. Tili pa mutu wa kayendetsedwe ka majini ndipo ndakakamira pa ma zinc finger. M'manotsi alemba kuti ndi mapuloteni amene amagwira DNA n'kuyatsa kapena kuzimitsa jini. Chabwino. Koma DNA ya munthu ili ndi malembo oposa 3 biliyoni, ndiye puloteniyo imadziwa bwanji pamalo pake pogwira? Nanga zinc akulowa pati, ndi iyeyo amene amamatirira ku DNA? Asisi Nachisale ngati muli pafupi ndithandizeni chonde.

Yamikani: Zinc yemweyu wa m'feteleza? Thumba la NPK lokulitsira lija amalemba 23:10:5+6S+1Zn. Ndiye mukuti ali ndi zala? kkkk

Nachisale: Yemweyo a Yami. Tadala, ndiyambe ndi funso lako lachiwiri poti ndi losavuta. Zinc sakhudza DNA ngakhale pang'ono. Chala chimodzi ndi kachigawo ka puloteni ka ma amino acid, tinjerwa tomangira puloteni, pafupifupi 30. Kachidutswa kakafupi chonchi pakokha sikangapindike n'kukhala kolimba, kamangokhala lendelende. Ndiye atomu imodzi ya zinc imakhala pakati, itagwiridwa ndi ma amino acid anayi, ma cysteine awiri ndi ma histidine awiri. N'chifukwa chake uona alemba C2H2. Zinc ali ngati luzi pa mtolo wa nkhuni: luzilo si nkhuni, koma ukalimasula mtolo wonse umamwazika. Mu labu tikathira EDTA, amene amalanda zinc, chalacho chimamasuka ndipo sichigwiranso DNA.

Chogwira DNA ndi mbali yopotana ya chalacho, alpha helix. Imalowa m'ngalande yaikulu ya DNA, major groove, momwe m'mphepete mwa malembo A, C, G ndi T mumaonekera popanda kutsegula DNA. Ma amino acid atatu a pa helix, amene timawawerenga kuti -1, 3 ndi 6, aliyense amakhudza chilembo chimodzi. Arginine amakonda G, mwachitsanzo. Choncho chala chimodzi chimazindikira malembo atatu. Zala zikatsatizana zitatu, malembo 9.

Tadala: Ndiye zimenezi anaziona ndi maso kapena n'zongoganizira?

Nachisale: Anaziona. Mu 1991 Nikola Pavletich ndi Carl Pabo anasindikiza chithunzi cha X-ray cha puloteni ya mbewa yotchedwa Zif268 itakumbatira DNA. Zala zitatu zitazungulira DNA motsata ngalande ija, pa malembo GCG TGG GCG. Chithunzi cha m'buku mwakocho mwina n'chomwecho. Mwa anthu puloteni imeneyi timaitcha EGR1.

A Mbewe: Mwana wanga Nachisale, wayamba pakati pa nkhani. Ana awa auze za chule. Ine ndikamaphunzitsa Fomu 4 za majini ndimaona kuti akamva kuti chule wa m'dambo anathandizapo, tulo timatha.

Nachisale: Zoona aphunzitsi, fotokozani ndinu, mumaikometsa.

A Mbewe: Chule wake ndi Xenopus laevis, wa kuno kum'mwera kwa Africa, uja wophwatalala wa zikhadabo kumiyendo yakumbuyo, amene sachoka m'madzi. Ku South Africa amati platanna. Anafalikira m'malabu a dziko lonse chifukwa kuyambira m'ma 1930 ankamugwiritsa ntchito poyeza mimba. Ankabaya chule wamkazi mkodzo wa mayi, ndipo ngati mayiyo ali woyembekezera chuleyo ankaikira mazira tsiku lisanathe. Achule atachuluka m'malabu, ofufuza anayamba kuwagwiritsa ntchito pa zina. M'mazira osakhwima a chuleyu muli puloteni yambiri yotchedwa TFIIIA, imene imayatsa jini ya 5S RNA. Gulu la Aaron Klug ku Cambridge linaifufuza ndipo mu 1985 linalengeza kuti ili ndi zigawo 9 zofanana zotsatizana, chilichonse ndi zinc wake. Klug anabadwira ku Lithuania mu 1926 koma anakulira ku Durban, n'kuphunzira ku Johannesburg ndi ku Cape Town. Mphoto ya Nobel anali atalandira kale mu 1982 pa ntchito ina, ya kujambula ma virus ndi timamolekyu tina ndi makina a electron microscope. Munthu wina akanapuma pamenepo.

Yamikani: Ndiye chule wa m'dambo ankayeza mimba bwino kuposa azakhali anga amene amangoyang'ana khutu la munthu n'kunena kuti uyu ali ndi pakati.

Anaphiri: Kkkk a Yami musanyoze azakhali, ena salakwitsa.

Tadala: Zikomo aphunzitsi. Koma asisi, ndawerengera. Malembo 9, aliyense angakhale m'modzi mwa anayi, zikukwana mitundu 262,144. Mu DNA ya malembo 3 biliyoni, mndandanda umodzi wotere upezeka mwangozi malo oposa 10,000. Ndiye puloteni ya zala zitatu ikugwira malo onsewo?

Nachisale: Funso lenileni ndi limeneli, ndipo ambiri amalidumpha. Siigwira onsewo ayi. DNA m'selo siili poyera. Yakulungidwa pa mapuloteni otchedwa ma histone, ndipo mbali yaikulu ndi yofinyika moti puloteni singafikepo. Malo otseguka m'selo la chiwindi si omwewo otseguka m'selo la ubongo. Kwinanso chilembo C chikaikidwa kachizindikiro kotchedwa methyl, zala zina zimakana kugwira, pomwe zina, monga ZFP57, zimafuna methyl yemweyo kuti zigwire. Ndiponso puloteni imodzi ikagwira yokha sikhalitsa, imagwira masekondi angapo n'kuchoka. Imakhazikika pamene anzake agwira moyandikana. Ndiye ukamayankha mayeso usalembe ngati malembo okha ndiwo amalamula. Malembo amanena pamene puloteni ingathe kugwira, koma selo ndi limene latsegula kapena kutseka khomo.

Ndipo dziwa kuti zambiri sizili ndi zala zitatu. CTCF ili ndi 11. Zina zili ndi zoposa 30. Mwa ma transcription factor a munthu pafupifupi 1,600, mapuloteni oyatsa ndi kuzimitsa majini aja, a mtundu wa C2H2 alipo pafupifupi 700. Palibe banja lina lalikulu kuposa limeneli.

Mphatso: Ndalowa mochedwa, ndinali kuwodi ya ana. Ine ndikufuna ndimve kumene zimenezi zimakumana ndi wodwala, chifukwa kusukulu tinangoloweza n'kuiwala. Dzina limodzi limene ndimalikumbuka ndi WT1, chifukwa ana a chotupa cha impso, Wilms tumour, timawaona ndithu kuno. Mwana wa zaka zitatu, mimba yatupa mbali imodzi, amayi akuti anachimva pomusambitsa.

Nachisale: WT1 ndi zinc finger, achimwene. Zala zinayi, jini yake ili pa chromosome 11, anaipeza mu 1990. Ntchito yake yeniyeni ndi kutsogolera kupangika kwa impso ndi ziwalo zoberekera mwana ali m'mimba. Ikawonongeka, maselo ena a impso amakhalabe aana, osakhwima, n'kumangogawikana. Koma musaganize kuti mwana aliyense wa Wilms ali ndi WT1 yowonongeka, ndi ochepa chabe mwa iwo. Mwa ambiri vuto lili pa jini ya IGF2, imene imakulitsa mwana m'mimba. Mwa munthu wabwinobwino imayaka ya kwa bambo yokha, ya kwa mayi imakhala chete chifukwa CTCF yakhala pakati pa jiniyo ndi enhancer yake, kachigawo ka DNA kothandiza kuiyatsa. Malo okhala CTCF aja akaikidwa methyl, CTCF imalephera kugwira, zonse ziwiri zimayaka. Ndiye mukathawa chala china mukumana ndi chinzake.

Anaphiri: Ine funso langa ndi la kunyumba. Mwana wa mchemwali wanga ali ndi sickle cell. Atabadwa anali bwinobwino, wonenepa, miyezi yoyamba yonse palibe chimene tinaona. Atayandikira chaka ndi pamene manja ndi mapazi anayamba kutupa, kulira usiku wonse. Kumudzi mpaka anayamba kulozana zala kuti wina wamuchita chipongwe, poti anabadwa wamoyo. Ine monga namwino ndimadziwa kuti ndi HbF, hemoglobin ya ukhanda yonyamula mpweya m'magazi, imene imateteza poyamba, koma chimene chimaichotsa n'chiyani? Ndinamva kuti nkhani yake ndi yomweyi.

Nachisale: Ndi yomweyi amayi, ndipo kwa ine palibe chitsanzo china choposa ichi. Pepani ndi mwanayo.

Hemoglobin ya munthu wamkulu ili ndi zigawo ziwiri za alpha ndi ziwiri za beta. Vuto la sickle cell lili mu beta basi: chilembo chimodzi, GAG yasanduka GTG, ndiye pa malo a 6 pali valine m'malo mwa glutamic acid. Mpweya ukachepa, hemoglobin yotere imamatana n'kupanga timizere tolimba topinda selo. Mwana ali m'mimba sagwiritsa ntchito beta kwenikweni, amagwiritsa ntchito gamma, ndipo alpha ndi gamma pamodzi ndiyo HbF. Gamma ilibe chilema chija, komanso ikakhalapo imasokoneza kumatana kwa inzakeyo. Dokotala wa ana wa ku Brooklyn, Janet Watson, analemba kale mu 1948 kuti makanda a sickle cell sadwala msanga, ndipo anaganizira hemoglobin ya ukhandayo.

Jini ya gamma siichoka m'thupi. Tonsefe tili nayo pa chromosome 11, pafupi ndi ya beta, koma inazimitsidwa. Woizimitsa wamkulu ndi BCL11A, puloteni ya zinc finger ya mtundu wa C2H2. Izi zinadziwika mu 2008, pamene gulu la Stuart Orkin ku Boston linasonyeza kuti ukachepetsa BCL11A m'maselo opanga magazi, HbF imakwera. Mu 2018 anapezanso pamalo penipeni: zala zake zakumapeto zimagwira malembo TGACCA, pafupifupi malembo 115 jini ya gamma isanayambe. Ikagwira imaitana gulu la mapuloteni lotchedwa NuRD limene limatseka malowo. Pali inzake, ZBTB7A, zinc finger nayonso, imene imagwira chapatali pang'ono, pafupifupi malembo 200 jiniyo isanayambe. Mwana akabadwa ntchito imeneyi imapita pang'onopang'ono, HbF imatsika, ndipo pofika miyezi 6 kupita m'tsogolo matenda amayamba kuonekera. Palibe mfiti pamenepo.

Anaphiri: Ndiye jini yabwino ali nayo m'thupi mwake momwemo, koma thupi lomwelo laitsekera.

Nachisale: Eya. Ndipo alipo mabanja amene mwachibadwa chilembo chimodzi pa TGACCA paja n'chosintha. BCL11A imalephera kugwira, gamma siizima, munthu amakula ndi HbF yambiri moyo wake wonse popanda vuto lililonse. Timati HPFH. Wotere akatengeranso sickle cell, matenda ake amakhala opepuka kwambiri, ena osadwala n'komwe. Anthu amenewa ndiwo anaonetsa ofufuza njira.

Yamikani: Ndiye bwanji osangoichotseratu BCL11A yo? Mlandu watha.

Nachisale: Ikanakhala kuti imagwira ntchito m'magazi ofiira mokha. Imafunikanso popanga ma B cell, asilikali ena a m'thupi aja, komanso pokula ubongo. Mbewa zopanda BCL11A zimafa zitangobadwa. Ana obadwa ndi kope limodzi lowonongeka amakhala ndi HbF yokwera, inde, koma amakhalanso ndi vuto la kakulidwe ka nzeru. Nzeru inabwera mu 2013, atapeza kuti mkati mwa jini ya BCL11A muli enhancer imene imagwira ntchito m'maselo opanga magazi ofiira okha. Ndipo woyatsa enhancer imeneyo ndi GATA1, imenenso ndi zinc finger, ya mtundu wina, wa ma cysteine anayi. Ndiye taonani mzere wake: GATA1 imayatsa BCL11A, BCL11A imazimitsa gamma. Ukawononga malembo ochepa pamene GATA1 imagwira, BCL11A imatsika m'magazi ofiira mokha, kwina konse ili bwinobwino, gamma n'kuyaka.

Izi ndi zimene chithandizo cha Casgevy chimachita. Britain inachivomereza mu November 2023, America mu December chaka chomwecho.

Mphatso: Pamenepo ndiye ndiimepo. Mtengo wake ku America mu 2023 unali madola 2.2 miliyoni munthu m'modzi. Ndipo si jakisoni wongobaya n'kupita kunyumba. Amatenga maselo oyambitsa magazi m'thupi la wodwala, kukawakonza ku labu, kenako kumupatsa busulfan kuti aphe mafuta a m'mafupa akalewo, ndiye n'kubwezera okonzedwawo. Masabata angapo munthu ali m'chipinda chake yekha opanda chitetezo m'thupi, ndipo busulfan amatha kumusiya wosabereka. Ana ambiri obadwa ndi sickle cell padziko lonse amabadwira kuno ku Africa. Ndiye tikamakamba za Casgevy pagulu ngati lino ndimaopa kuti mayi wina amva kuti mankhwala apezeka, pamene ife chimene tili nacho m'manja ndi folic acid, penicillin, mankhwala oteteza malungo, ndi magazi akapezeka.

Anaphiri: Ndi hydroxyurea akakhalapo. Wathuyu chiyambireni kumwa, kugonekedwa kwachepa kwambiri. Vuto ndi miyezi imene wasowa, timachita kusonkherana kukagula ku famase.

Nachisale: Sindikutsutsa a Mphatso. Koma onani kuti hydroxyurea naye phindu lake lalikulu ndi lomwelo, kukweza HbF. Kafukufuku wa REACH, amene anachitikira ku Angola, DR Congo, Kenya ndi Uganda n'kusindikizidwa mu 2019, anasonyeza kuti ana a kuno akamamwa, ululu, kuikidwa magazi ndi imfa zimachepa, ngakhale malungo amene. Ndiye wopereka hydroxyurea akusewera pa bwalo lomwelo la gamma. Ine ndimaona kuti namwino amene akumvetsa zimenezi amatha kufotokozera agogo a mwana chifukwa chake khanda linabadwa labwino, ndipo kulozana zala kuja kumachepa.

A Mbewe: Komanso kuyeza makanda akangobadwa kumamveka bwino ukadziwa zimenezi. Miyezi imene HbF idakali yokwera ndiyo nthawi yoti makolo adziwe, matenda asanagogode.

Tadala: Asisi, mwati GATA1 ndi ya mtundu wina. Ndiye si zinc finger zonse zili C2H2? M'manotsi aikanso ma steroid receptor pamutu womwewu ndipo zinandisokoneza.

Nachisale: Mitundu ilipo yambiri ndipo si yapachibale yonse, chofanana n'chakuti zinc ndiye wamanga. Ma receptor a estrogen, testosterone, cortisol, vitamin D ndi thyroid hormone ali ndi ma atomu awiri a zinc, iliyonse ndi ma cysteine anayi, ndipo kawirikawiri amagwira DNA awiriawiri. A Mphatso akapereka dexamethasone kapena prednisolone, mankhwalawo amalowa m'selo n'kugwira glucocorticoid receptor, imene inali itangokhala kunja kwa nucleus, chipinda cha DNA m'selo, itagwiridwa ndi puloteni ya HSP90. Ikamasuka imalowa mu nucleus n'kuyatsa majini ena, kuzimitsa ena a kutupa. N'chifukwa chake steroid sagwira nthawi yomweyo ngati adrenaline, pamatenga maola kuti mapuloteni atsopano apangidwe.

Chenjera ndi ziwiri izi pamayeso. RING finger ili ndi zinc koma ntchito yake yaikulu ndi kuika chizindikiro pa mapuloteni oti akaphwanyidwe, osati kuwerenga DNA. Ndipo puloteni ya p53 imagwira zinc, imagwira DNA, koma siiwerengedwa ngati zinc finger ya mtundu uwu.

Mphatso: Za dexamethasonezo ndiye zandigwira. Timauza ophunzira kuti pa chifuwa cha mphumu yamba ndi salbutamol, steroid agwira pambuyo, koma chifukwa chake sitinena.

Yamikani: Ndibwerere ku feteleza wanga. Kafukufuku wa dziko lonse wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti Amalawi oposa theka ali ndi zinc wochepa m'magazi. Dothi lathu m'madera ambiri lili ndi zinc wochepa, ndipo chimanga chili ndi phytate amene amamanga zinc m'matumbo kuti asalowe m'thupi. Mgaiwa uli ndi zinc wochulukirapo koma phytate ndi wambirinso, ufa woyera wataya zonse ziwiri. Ndiye kodi tinene kuti theka la dziko likuyenda ndi zala zomasuka? Majini athu akungoyaka ndi kuzima mwachisawawa?

Nachisale: Ayi a Yami, musathamange choncho. Zala zimagwira zinc mwamphamvu kwambiri, ndipo selo limateteza zinc wa m'kati mwake. Thupi lonse lili ndi magalamu awiri kapena atatu okha, koma akayamba kuchepa, loyamba kusintha ndi khomo: matumbo amayamwa wambiri, thupi limataya wochepa. Ndiponso zinc sagwira ntchito m'zala mokha, pafupifupi puloteni imodzi mwa 10 iliyonse ya munthu imamufuna, kuphatikizapo ma enzyme ambirimbiri. Choncho mwana wopinimbira, wa zilonda zosapola, wotsegula m'mimba kawirikawiri, simungaloze puloteni imodzi n'kunena kuti ndi iyi. Zimene zimavutika msanga ndi ziwalo zimene maselo ake amagawikana mofulumira: khungu, matumbo, chitetezo cha m'thupi.

Chokoma n'chakuti mlonda wa zinc m'selo naye ndi zinc finger. Dzina lake MTF1, zala 6. Zinc akachuluka, MTF1 imagwira DNA mwamphamvu n'kuyatsa majini a metallothionein, amene amasunga zinc, ndi ZnT1, imene imamutulutsa kunja. Pamenepa ndi pamene tinganene mosakayika kuti kuchuluka kwa zinc kwasintha jini kudzera m'zala.

Anaphiri: Ndipo wina asachoke pano n'kukagula mabotolo a zinc kuti akonze majini. Ife timapereka zinc kwa mwana wotsegula m'mimba kwa masiku 10 mpaka 14, pamodzi ndi Thanzi ORS. Kumwa wambiri nthawi yaitali kumagwetsa copper m'thupi. Usipa, matemba, mazira ndi kanyama pang'ono zikwanira.

Yamikani: Usipa wake pa mtengo wa lero, bola botolo la zinc kkkk.

A Mbewe: Nachisale, zinc finger 700 zija zandikhala pamtima. Impso, magazi, mahomoni, zimenezo ndamva. Koma 700? Zinazo zikulondera chiyani?

Nachisale: Pafupifupi theka la izo, aphunzitsi, zili ndi kachigawo kena kumutu kotchedwa KRAB, ndipo zambiri zaunjikana pa chromosome 19. Ntchito ya zambiri mwa izo ndi kutsekera alendo. Pafupifupi theka la DNA yathu ndi zotsalira za ma transposon ndi ma retrovirus akale amene analowa m'makolo athu n'kumadzikopera malo osiyanasiyana. Zala zimazindikira malembo a mlendoyo, KRAB imaitana puloteni ya KAP1, ena amati TRIM28, iyo n'kuitana SETDB1 imene imaika methyl pa histone H3, malowo n'kufinyika. Mlendo akasintha malembo kuti athawe, jini ya zala imadzikopera, kope latsopanolo n'kusintha ma amino acid a -1, 3 ndi 6 mpaka ligwirenso. Ndiye chifukwa chake banja limeneli linachuluka chonchi, ndipo zala za munthu ndi za mbewa zimasiyana kwambiri pomwe majini ena ambiri ndi ofanana. Kapangidwe ka zigawo zotsatizana kamalola zimenezi mosavuta: kuwonjezera chala, kuchotsa chala, kusintha chimodzi osagwedeza puloteni yonse.

Tadala: Ngati chilengedwe chimasintha zala chonchi, ndiye munthu angathenso kulumikiza zala zake n'kugwira jini iliyonse imene akufuna?

Nachisale: Ndi zimene Klug ankalakalaka. Mu 1994 iye ndi Yen Choo anapanga puloteni ya zala zitatu yolunjika pa BCR-ABL, jini ya khansa ina ya m'magazi. Mu 1996 gulu la Srinivasan Chandrasegaran ku Johns Hopkins linalumikiza zala ndi mbali yodula ya enzyme ya FokI, n'kubadwa ma zinc finger nuclease. FokI imadula ikakumana ndi inzake, ndiye umafuna mapuloteni awiri, ina uku ina uku. Zala zitatu mbali iliyonse ndi malembo 18, ndipo uwerengere wekha ngati muja: mitundu yoposa 68 biliyoni, kuposa kutalika kwa DNA yonse. Mu 2014 ku University of Pennsylvania anasindikiza zotsatira za anthu 12 okhala ndi HIV amene ma CD4 awo anawadula jini ya CCR5, khomo lolowera kachilomboka, n'kuwabwezera m'thupi. Sanachire, koma zinaonetsa kuti maselo okonzedwawo amakhala ndipo njirayo siipha munthu.

Chimene chinavuta n'chakuti zala si zomvera monga mabuku amajambulira. Chala chimene chimagwira GCG bwinobwino chili ndi mnansi uyu chimalephera ukachiika pafupi ndi mnansi wina, chifukwa amino acid ya pa malo a 2 imalowerera pa chilembo cha mnansiyo kumbali ina ya DNA. Malabu ambiri anataya miyezi akulumikiza zala zosagwira. CRISPR, njira ina yodulira DNA, itabwera mu 2012, pomwe umangosintha kachidutswa ka RNA, ambiri anasamuka.

Mphatso: Ndiye zala zopanga anthu zinatha ntchito.

Nachisale: Sizinathe. Ndi zazing'ono moti zimakwana mu AAV, kavirus konyamulira majini kaja, pomwe Cas9 wamba, puloteni yodula ya CRISPR, amachita kupanikizana. Komanso zinachokera ku mapuloteni a mtundu wathu, pomwe Cas9 ndi ya bakiteriya ndipo anthu ambiri chitetezo chawo chimaizindikira kale. Ena akuzilumikiza ndi KRAB kuti azimitse jini popanda kudula DNA. Ine ndikuona kuti kumeneko ndi kumene zidzakhalitse, osati pa kudula.

Mphatso: Chabwino, koma ndibwerere pa dandaulo langa. Zonsezi zimafuna labu ya mamiliyoni. Piritsi lozimitsa BCL11A lilipo? Chifukwa chokhacho ndi chimene chingafike pa health centre.

Nachisale: Kwa nthawi yaitali ankati ma transcription factor sagwirika ndi mankhwala, poti alibe kabowo kolowa mankhwala ngati enzyme. Amene anasintha maganizo amenewa ndi thalidomide, mankhwala aja amene analemaza makanda masauzande chakumapeto kwa m'ma 1950. Zinadzadziwika kuti iye ndi abale ake, monga lenalidomide, amamatiza chala cha C2H2 ku puloteni ya cereblon, ndipo selo limaphwanya puloteni yonse ya chalacho. Mu 2014 anasonyeza kuti umu ndi mmene lenalidomide amaphera maselo a khansa ya myeloma, pophwanyitsa ma zinc finger awiri, IKZF1 ndi IKZF3. Mu 2018 anapezanso kuti thalidomide amaphwanyitsa SALL4, zinc finger yofunika popanga manja a mwana m'mimba, ndipo izi zikugwirizana ndi kulemala kuja.

Ndiye tsopano akusaka mankhwala a mtundu womwewu olunjika pa zala zozimitsa gamma. Mu 2024 ofufuza a ku Novartis anasindikiza za mankhwala ophwanyitsa WIZ, zinc finger ina yothandiza kutsekera HbF, ndipo mwa mbewa ndi anyani HbF inakwera. Kuchoka pa nyani kufika pa shelefu ya famase ndi ulendo wa zaka, ndipo ambiri amagwera panjira. Komanso ndi mbiri ya SALL4 ija, funso loyamba lidzakhala la amayi oyembekezera.

Anaphiri: Limenelo ndi funso lathu ndithu, chifukwa atsikana a sickle cell masiku ano akukula mpaka kukwatiwa. Ngakhale hydroxyurea timayamba takambirana nawo za kulera.

Mphatso: Ndipo akamwa moyo wonse, ndiye pafunika kudziwa WIZ yo ikugwiranso ntchito yanji kwina m'thupi, zisakhale ngati za BCL11A ndi ubongo.

Nachisale: Imapezeka m'ziwalo zambiri, osati m'magazi mokha, ndipo imayenda ndi G9a, enzyme ina yoika methyl pa histone. N'chifukwa chake kuyesa kwake mwa anthu kumayamba ndi akuluakulu ochepa, pa mlingo wotsika, akuyeza magazi ndi chiwindi pafupipafupi. Ana amabwera pambuyo pake.

Tadala: Asisi, G9a ndi SETDB1 ndi chimodzi? Zonse mwati methyl pa histone.

Nachisale: Ndi ma enzyme awiri osiyana koma amalemba pamalo amodzi, lysine 9 ya histone H3. G9a imaika methyl m'modzi kapena awiri, SETDB1 imafikitsa atatu. Ukaona H3K9me3 pafupi ndi dzina la KRAB, ganiza SETDB1.